Ndinaika Madontho Onse pa Mfuti

Anzanga achinyamata, ndikupatsani moni nonse. Dzina langa ndine Taonga, ndili Giredi 11, ndipo ndine mwana wa amayi aja ogulitsa mkaka cha ku Palabana. Ndikuona kuti lero mabenchi adzaza mpaka kumbuyo, ngakhale aja amene Misa ikangotha amathawa msonkhano wathu akhala. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Munamva kuti mtsikana uja womwa magazi apereka umboni. Khalani bwino, ndikuuzani zonse. Ndalemba papepala chifukwa ndikaimirira pamaso pa anthu mawu amandithawa, ndipo mumva kuti vuto langa linayambira pomwepo.

Magazi ndinamwadi. Koma ndinkamwera mu laputopu.

Achimwene anga, Ba Dalitso, amakonza mafoni ku Silverest. Chaka chatha anandibweretsera laputopu yakale, yosweka pakona, kuti ndiziyeserera za kompyuta zimene timaphunzira kusukulu. Anaiwala kufufutamo gemu imodzi. Mu gemu imeneyo umakhala kamunyama, chija anzathu a ku Malawi amati namapopa, munthu wakufa koma woyenda, amene amakhalira magazi a ena. Usanayambe kusewera umayamba wamanga munthu wako. Pamabwera tsamba lolembedwa luso losiyanasiyana: mphamvu, maso, kulankhula, kuzemba, kutsegula maloko, mfuti. Pambali pa luso lililonse pali timabwalo topanda kanthu, ndipo gemu imakupatsa madontho ochepa oti udzazemo. Ukamaliza ntchito imene akuluakulu a anamapopa akutuma, amakuwonjezera madontho ena.

Ine ndinamanga mtsikana, n'kumutcha Loveness. Ba Dalitso atabwera kumapeto kwa mwezi anandipeza ndikudzaza tsamba lija, ndipo m'malo mondikalipira anakoka mpando.

"Gawa madontho, mwaiche," anatero, monga amanditchulira ine wamng'ono wawo. "Ika pang'ono pali ponse. Mfuti mu gemu iyi poyamba ni yopusa, uzalira."

Sindinamve. Inu mukundidziwa, ndine wamfupi, ndipo m'kalasi sindikweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Chimene chinandikoka pa mfuti n'chakuti nkhani umaithetsa uli patali, osatsegula pakamwa. Ndinasankha fuko la anamapopa othamanga ndi akuthwa maso, ndipo dontho lililonse ndinaliika pa mfuti. Lotsala ndinaika pa maso, chifukwa maso amathandiza kulunjika. Pa kulankhula sindinaike kanthu.

Poyamba achimwene ananena zoona. Loveness anali ndi kamfuti kakang'ono, dzanja lake linkanjenjemera, ndipo ndikalunjika mdani woima pakhomo ndinkawombera bini ya zinyalala. Chinanso, chipolopolo sichipweteka kamunyama mnzako ngati mpeni kapena moto, ndiye umafunika kuwombera kambirimbiri, zipolopolo n'kukuthera pakati pa nkhondo. Koma dontho lililonse latsopano linkachepetsa kunjenjemera kuja. Ndinapeza mfuti yaikulu yomwaza zipolopolo, yabwino m'makonde opanikiza. Kenako ndinapeza yaitali yokhala ndi galasi loonera patali. Ndinaphunzira kuwononga magazi pang'ono kuti Loveness athamange, adani n'kumaoneka ngati akuyenda m'matope, ine n'kumawatola mmodzimmodzi. Magazi akatha umafunika kumwa ena. Anthu akasowa, umatsikira m'ngalande n'kugwira makoswe. Kunena zoona, zinkandikomera. Kwa nthawi yoyamba panali chinthu chimene ndinkachidziwa kuposa Ba Dalitso.

Kugwa kwanga kunali kofulumira. Ntchito yanga kunyumba ndi kupereka mkaka pa njinga m'mawa ndisanapite kusukulu. Ndinayamba kudzuka mochedwa, mkaka n'kumafika kwa anthu tiyi atamwa kale. Kwaya ndinasiya. M'kalasi ndinkawodzera, masamu anatsika mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati kunyumba kuli matenda. Maso anafiira. Chakudya ndinkangodya theka, siketi ya yunifomu n'kuyamba kuzungulira m'chiuno. Malaiti akangobwera, ngakhale ndili pakati pa kutsuka zigubu, ndinkasiya n'kuthamangira kuchipinda. Amayi ankamva mabatani akulira n'kumauza anzawo kuti, "Mwana wanga aphunzira kompyuta, sapuma." Ine ndinkamva, osawawongolera.

Kenako ndinakakamira. Mu gemu munali khomo lina lokhala ndi mlonda amene suloledwa kumupha. Umafunika kumunyengerera kuti akutsegulire. Mawu abwino onse oti umuuze ankaoneka pa sikirini koma ofufuma, osasankhika, chifukwa Loveness analibe dontho ngakhale limodzi pa kulankhula. Chimene ankatha kunena chinali kuopseza basi, mlonda n'kumamuseka. Mfuti zitatu kumsana, koma khomo lotseka.

Loweruka lina amayi anandituma ku Chongwe kukagula mankhwala a nkhupakupa, n'kundipatsa kafoni kawo. Pobwerera, ndili m'minibasi yodzaza, ndinaganiza zoimbira achimwene andithandize. Injini inkalira, wailesi inkalira, ndiye ndinakweza mawu. Kumbukirani kuti anthu ankamva mbali yanga yokha.

"Ba Dalitso, nili pa mavuto. Magazi anithera."

Iwo anafunsa ngati ndamwa.

"Dzulo ninamwa anthu awiri kuseri kwa chipatala, koma sanakwane. Mfuti nili nazo zitatu. Vuto ni mlonda uja, akana kunitsegulira."

Iwo anati ndikanamvera malangizo awo.

"Manje nichite bwanji? Akuluakulu aja anati nikalephera ntchito iyi sazanikweza. Nizayesanso lero, amai akagona."

Nditatseka foni ndinaona kuti kondakitala wazimitsa wailesi. Mayi amene anali pambali panga anakumbatira dengu lake n'kusunthira kuwindo, ndipo mpando umene tinkapanikizanapo anthu anayi unakhala ndi malo. Ine ndinangoti anthu a lero ali ndi ulemu. Potsika ndinaona kuti kumbuyo kwanga kunakhala Bana Chanda, amayi a Chanda mnzanga wa desiki imodzi, amenenso anali oyamba kugula mkaka wathu m'mawa uliwonse. Ndinawapatsa moni. Anayankha ndi chizindikiro cha mtanda.

Mu gemu ija lamulo lalikulu n'lakuti anthu wamba asadziwe kuti anamapopa aliko. Loveness ankalisunga bwino lamulo limenelo. Amene analiswa ndine, m'minibasi, masana dzuwa likuswa mtengo.

Lolemba geti ya Bana Chanda sinatsegulidwe. Nyumba yachiwiri anatuma mwana kudzanena kuti lero safuna. Yachitatu anangosuzumira pawindo. Ndinabwerera ndi zigubu zolemera ngati mmene ndinanyamukira. Tsiku lotsatira kusukulu Chanda anachotsa chikwama chake pa desiki yathu, koma pa buleki anandiitanira kuseri kwa thanki ya madzi, ataima patali pang'ono.

"Taonga, bakamba ati ndiwe wa sataniki," anatero. "Ati amai banga anakumva okha. Ati n'chifukwa chake maso yako ni yofiira, unaleka kwaya, waonda. Ati ng'ombe zanu zachuluka bwanji chaka chimodzi, na malata yatsopano pa nyumba. Ati mkaka wanu muli zinthu."

Ng'ombe zinachuluka chifukwa ziwiri zinabereka. Malata anagula ndi Ba Dalitso. Koma mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno: munthu ukayamba kupeza bwino, anthu amakhala akudikira kuti amve kumene ukuzitenga. Ine ndinawapatsa yankho ndi pakamwa panga.

Apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni, ndipo ndikufuna mumve bwino. Ndinadziwa chifukwa chimene mkaka ukubwerera, koma sindinanene. Ndinaona amayi akutsuka zigubu ndi madzi otentha mobwerezabwereza, akununkhiza, akulawa, akuganiza kuti mwina ndi iwo alakwitsa. Anaitana munthu wa zoweta kudzaona mabere a ng'ombe. Anasintha nsalu yosefera. Ine ndinkangoyang'ana, mawu anga ali ofufuma ngati a pa sikirini aja. Ndipo kuti ndisaganize, ndinkalowa kuchipinda n'kukayatsa laputopu.

Ng'ombe sizidziwa za mphekesera. Zinapitiriza kutulutsa mkaka m'mawa ndi madzulo, ndipo ife tilibe fuliji. Ndowa zonse zinadzaza mabisi, mkaka wosasa uja, mpaka tinasowa pothira. Amayi anapita kwa aneba oweta nkhumba kukawapatsa ulere, iwo anakana.

Tsiku limenelo nditabwera kuchokera kusukulu ndinawapeza amayi kuseri kwa khola akuthira mkaka pansi. Ankathira pang'onopang'ono, ngati akuthirira mbewu. Mkaka unkayenda pa dothi lofiira lija n'kupanga timitsinje, ntchentche zitayamba kale kusonkhana. Anali atavala chitenje chawo cha amayi a mpingo, ndiye ndinadziwa kuti achokera ku msonkhano, ndipo ndinadziwa kuti amva.

"Taonga, khala apa."

Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Iwo anaika chigubu pansi, napukuta manja, nakhala pa mwala moyang'anana nane. Mwana wa ng'ombe ankalira m'khola.

"Lero pa benchi ninakhala nekha," anatero. "Nizakufunsa kamodzi chabe. Uniyankhe zoona. Olo zikhale zoipa bwanji, ukali mwana wanga, tizayenda pamodzi kwa ba Fada. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Umamwa magazi ya anthu?"

Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Iwo anaona ngati ndavomera. Anzanga, chimene anachita sindidzachiiwala. Anapinda dzanja la bulauzi mpaka m'chigongono, n'kutambasula mkono wawo kwa ine. Unali mkono uja wokama ng'ombe kuyambira ine ndisanabadwe.

"Ngati bakukakamiza, tenga yanga," anatero. "Usiye ana a eni."

Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, mamina ndi misozi, mpaka amayi anaopa kuti chiwanda chayamba kutuluka. Ndinathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi laputopu, n'kuiika pa chigubu chopanda kanthu chija. Ndipo ndinalankhula. Ndinanena za gemu, za foni ya m'minibasi, za kunama kwanga kuti ndikuphunzira, ndi zakuti ndinadziwa kuyambira tsiku lija la kuthanki.

Amayi anayang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Uyu ni ndani?"

"Ni Loveness."

"Wa kwa ndani?"

"Ninam'panga neka."

Ndinawaonetsa tsamba la madontho. Analoza ndi chala mzere wodzaza.

"Apa?"

"Mfuti."

"Nanga apa palibe kanthu?"

"Kulankhula."

"Ndiye sapatsa anthu moni?"

"Sangakwanise."

Anapukusa mutu. "Wam'lera moipa mwana uyu. Ndipo watengera amake." Anatsitsa dzanja la bulauzi lija. Sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanandimenya. Anangoti, "Mfuti yako yawombera mkaka wanga. Manje uzasewenzetsa pakamwa."

Lachinayi masana mphakati wathu, ka mpingo kakang'ono ka mabanja oyandikana, unkakumana kwa Bana Chanda omwewo. Tinakulunga laputopu m'chitenje, n'kuiika mu kireti ya mkaka kumbuyo kwa njinga. Titafika, anthu anasuntha mikeka. Mawu a Mulungu atawerengedwa, amayi anaimirira n'kunena kuti mwana wawo ali ndi mawu. Ndinayamba ndi mawu aang'ono kwambiri moti wina anati ndikweze, koma ndinafika kumapeto. Kenako ndinayatsa gemu kuti aone okha.

Bana Chanda anaima patali, manja atapinda pachifuwa.

"Ba sataniki nabo bali na makompyuta masiku yano," anatero.

Ndinapitiriza kuyendetsa Loveness mumsewu. Mzere woonetsa magazi a Loveness pakona pa sikirini unali utatsala pang'ono kutha, ndipo ndinaopa kumwa munthu pamaso pa mphakati wonse, ndiye ndinamutsitsira m'ngalande.

"Imilila," anatero Bana Chanda, akuyandikira. "Chamene wagwira icho n'chani?"

"Ni khoswe."

"Adya?"

"Ee."

Anawerama, nayang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Amake Taonga, kanshi ni wa kwanu ku Chipata uyu? Sembe munakamba kudala. Ine nenze kuyopa, kanshi ni chabe wakum'mawa ali na njala ya mbewa."

Kwa amene simukudziwa, Bana Chanda ndi Mbemba, ife ndife akum'mawa, ndipo pakati pathu pali chimbuya, chibale chonyozana chija choti ngakhale pamaliro timapakana ufa. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Sabata yonse ija Bana Chanda anali asanawanyoze amayi ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho n'chimene chinkawawa koposa. Amayi atamva za mbewa nkhope yawo inamasuka.

"Imwe odya anyani khalani chete," anayankha. "Mwamva foni ya mwana m'basi, mwathamanga nayo monga nyani waba chimanga, osayang'ana ngati n'chokhwima."

Azimayi onse anaseka mpaka wina anagwetsa buku la nyimbo. Mikeka inabwerera pafupi. Bana Chanda anandikankha pa mpando, ati nawonso ayese. Ndinawapatsa mfuti yaitali ija, ya madontho onse, yosaphonya. Anawombera bini, kenako nyali ya mumsewu, kenako kumwamba, apolisi a mu gemu n'kubwera. "Mfuti yako ni yokhota," anatero.

Koma atanyamuka anandigwira paphewa, kuseka kutatha.

"Za magazi ninalakwa, mbuya wanga. Koma maso yofiira sininaname. Kwaya unaleka, mkaka wenze kubwera dzuwa litakwera. Sindiwe wa sataniki, koma chinakugwira chilipo."

Zinali zoona.

Tsono mmene ndinabwererera ndi motere, mwina wina zimuthandiza. Ndikuona ena zala zikukuyabwani m'matumba, kaya ndi gemu ya mpira, kaya ndi zobetcha zija.

Laputopu imagona mu sutikesi ya amayi mkati mwa sabata. Ndikafuna ya sukulu ndimagwiritsira ntchito pa tebulo, sikirini itayang'ana kukhomo. Gemu ndimasewera Loweruka masana, zigubu zitatsukidwa ndi kuyanikidwa. Masabata oyamba zinali zowawa. Malaiti akabwera miyendo inkafuna kuthamanga yokha, ndiye ndinkapita kukhola kukapala ndowe mpaka chilakolako chitapita. Ndinapita kwa aphunzitsi a masamu n'kuwauza zoona, ndipo anandiika m'gulu la obwereza masana. Sindinafike pomwe ndinali, koma ndikukwera. Kwaya ndinabwerera, mwandiona lero mzere wachiwiri.

Chovuta koposa chinali mageti. Amayi anati nyumba iliyonse imene inasiya mkaka ndipiteko ndekha, ndigogode, ndipereke moni, ndifotokoze. Ena anaseka. Ena anandikalipira chifukwa cha kuchedwa kuja, ndipo anali ndi chifukwa. Pali banja limodzi limene mpaka lero likandiona limawolokera tsidya lina la msewu, ndipo limenelo ndi bala limene ndinawapatsa amayi, silinapole. Koma ambiri anatulutsanso mabotolo awo.

Loveness ndinamuyambanso kuchokera pachiyambi, amayi atakhala pambali. Amene mukufuna kumanga munthu wa mfuti, mverani kwa ine amene ndinapsa. Mfuti ndi maso ikanipo madontho ndithu, chifukwa kutsogolo kuli adani oti sungawayandikire. Koma musathamangire kudzaza, poti kamfuti koyamba n'kofooka ngakhale mutatani. Nyamulani mpeni wa pamene zipolopolo zatha. Ndipo sungani madontho a kulankhula. Amayi anakana kuchoka mpaka nditaikapo awiri. Nditafikanso pa khomo lija, mawu aja anawala. Loveness anapereka moni, anafunsa mlonda za mwendo wake wopweteka, n'kupempha. Mlonda anatsegula, n'kumufunira ulendo wabwino. Sabata zonse zija ankangofuna kufunsidwa bwino.

Masiku ano ndikafika pa geti ya Bana Chanda kukadali mame, ndimawapeza ataima kale ndi mabotolo awiri.

"Mkaka wa kamunyama wafika?"

"Wafika, ba mbuya."

"Mulibe mbewa?"

"Tasefa."

Loweruka lina lililonse amabwera kunyumba, ati kudzaona amayi, koma amakhala pafupi ndi laputopu. Mabini a mu gemu ija avutika.

Kuseri kwa khola, pamene amayi anathira mkaka, dothi linauma ndipo pamera udzu. Sitinathirepo kanthu kuyambira tsiku lija. Ndathokoza pondimvera. Amene munabwera kudzaona womwa magazi, pepani, ndi ine ndemwe. Amayi ali panja pansi pa mtengo ndi chigubu cha mabisi ndi makapu. Ndi oyera, kaoneni nokha.